Zombo Ziwiri Zimene Zinadzutsa Miyezi Yakutali

Mu Januwale 1610, katswiri wa ku Italy, Galileo Galilei, analozetsa telesikopu yake ku pulaneti ya Jupiter n'kuona timadontho tinayi towala tili pambali pake. Usiku uliwonse timadonthoti tinkasintha malo, ndipo iye anazindikira kuti tikuzungulira Jupiter monga mwezi wathu uzungulira dziko lapansi. Iyi ndiyo miyezi inayi ikuluikulu ya Jupiter imene lero timaitchula kuti Io, Europa, Ganymede ndi Callisto.

Kwa zaka zoposa 360 chichokereni nthawi ya Galileo, miyeziyi inakhalabe timadontho. Matelesikopu anakula, akatswiri anayeza njira zake ndi kulemera kwake, koma nkhope zake palibe anaziona bwino. Zombo za Pioneer 10 ndi Pioneer 11 zimene zinadutsa pafupi ndi Jupiter mu 1973 ndi 1974 zinatumiza zithunzi zosaoneka bwino. Asayansi ambiri ankaganiza kuti yankho akulidziwa kale, ndipo maganizo awo anali omveka. Chinthu chaching'ono chimazizira msanga. Mwezi wathu unazizira kalekale, ndipo pamwamba pake padzaza maenje a miyala imene yakhala ikuugwera kwa zaka mabiliyoni. Nanga miyezi ya Jupiter, imene ili kutali ndi dzuwa kasanu kuposa ife, ingakhale yotani? Ankayembekezera miyala ndi madzi oundana, zozizira, zakufa, zodzaza maenje.

Zombo ziwiri zotchedwa Voyager zinagwetsa maganizo amenewa m'zaka khumi zokha, ndipo kuyambira pamenepo funso loti moyo ungapezeke kuti linasintha.

Mpata wobwera kamodzi pa zaka 175

Mu 1965, wophunzira wina dzina lake Gary Flandro ankagwira ntchito ku Jet Propulsion Laboratory, malo ofufuzira a bungwe la NASA ku Pasadena, m'chigawo cha California. Powerengera kayendedwe ka mapulaneti, anapeza kuti kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Jupiter, Saturn, Uranus ndi Neptune adzakhala mbali imodzi ya dzuwa, atandandalikana mwa njira yoti chombo chimodzi chingawayendere onse motsatizana. Zimenezi zimachitika kamodzi pa zaka pafupifupi 175.

Chinsinsi chake chinali mphamvu yokoka ya mapulanetiwo. Pulaneti iliyonse ili paliwiro lalikulu pozungulira dzuwa. Chombo chikaidzera kumbuyo, pulanetiyo imachikoka, kuchikhotetsa njira, n'kuchigawirako pang'ono liwiro lake. Pulanetiyo siimva kanthu chifukwa ndi yolemera kwambiri, koma chombo chimachoka pamenepo chikuthamanga kuposa mmene chinafikira, osawotcha mafuta. Mwa njira imeneyi Jupiter akanaponya chombo kwa Saturn, Saturn kwa Uranus, Uranus kwa Neptune. Ulendo umene ukanatenga zaka pafupifupi 30 unafupika kufika pa zaka 12.

Pogwiritsa ntchito mpata umenewu, Voyager 2 inanyamuka ku Cape Canaveral, ku Florida, pa 20 Ogasiti 1977. Voyager 1 inatsatira pa 5 Seputembala. Inapatsidwa nambala yoyamba chifukwa njira yake inali yachidule ndipo inali yoti idzafika kwa Jupiter mnzakeyo asanafike.

Chombo chilichonse chinkalemera makilogalamu opitirira pang'ono 800. Chinali ndi mbale yolankhulirana ndi dziko lapansi yotambalala mamita 3.7, makamera awiri, ndi zipangizo zoyezera kutentha, mpweya, maginito ndi tizidutswa tamagetsi ta m'mlengalenga. Kumene zinkapitako kuwala kwa dzuwa n'kochepa moti masola sakanathandiza, choncho magetsi ake amachokera ku kutentha kwa plutonium, imene inkapereka mawati 470 ponyamuka ndipo imachepa ndi mawati pafupifupi anayi chaka chilichonse. Wailesi yake imatumiza uthenga ndi mphamvu ya mawati 23 okha. Kuti timve kamawu kameneka, pali mbale zikuluzikulu zotambalala mamita 70 m'malo atatu: Goldstone ku California, pafupi ndi Madrid ku Spain, ndi pafupi ndi Canberra ku Australia. Malowa anatalikirana dala kuti dziko likamatembenuka, imodzi ikhale ikuyang'anabe kumene kuli chombo.

Moto pa Io

Voyager 1 inafika pafupi kwambiri ndi Jupiter pa 5 Malichi 1979. Inajambula mphepo zamkuntho za m'mitambo yake, inaona mphenzi kumbali imene kunali usiku, ndiponso inapeza kamphete kopyapyala ka fumbi kozungulira pulanetiyo. Koma chimene chinadodometsa anthu chinali Io. Pankhope pake panali mitundu yachikasu, yofiirira, yoyera ndi yakuda, ndipo panalibe ngakhale dzenje limodzi la mwala wogwa kuchokera kumwamba. Kwa wasayansi, kusowa kwa maenje ndi uthenga waukulu. Miyala imagwera paliponse m'mlengalenga, choncho pamene palibe maenje ndiye kuti pali chinachake chimene chikuwakwirira.

Amene anapeza chinthucho anali injiniya wa gulu loongolera chombo, Linda Morabito. Ntchito yake inali yoyeza malo enieni a chombo poyerekezera miyezi ndi nyenyezi zooneka kumbuyo kwake. Pa 9 Malichi anawalitsa chithunzi china cha Io pakompyuta kuti nyenyezi zosaoneka bwino zionekere, ndipo m'mphepete mwa mweziwo munatulukira chimtambo chachikulu chobulungira. Poyamba panali maganizo oti mwina ndi mwezi wina umene ukusuzumira kumbuyo, koma atafufuza anapeza kuti pamalopo panalibe mwezi uliwonse. Linali phiri lophulika likulavula mpweya ndi fumbi makilomita pafupifupi 300 m'mwamba. Aka kanali koyamba kuti anthu aone phiri likuphulika kunja kwa dziko lapansi. Phirilo analitcha Pele, ndipo posakhalitsa m'zithunzi zomwezo anapezamo ena angapo. Lero tikudziwa kuti pa Io pali mapiri ophulika pafupifupi 400.

Nanga moto umenewu ukuchokera kuti, poti Io ndi wamkulu pang'ono chabe kuposa mwezi wathu? Yankho linali litalembedwa kale. Masiku atatu chombo chisanafike, magazini ya Science inasindikiza nkhani ya asayansi atatu, Stanton Peale, Patrick Cassen ndi Ray Reynolds, yonena kuti mkati mwa Io muyenera kukhala mosungunuka. Io amazungulira Jupiter kamodzi pa maola 42. Akazungulira kanayi, Europa amakhala atazungulira kawiri, Ganymede kamodzi. Chifukwa chokumana mobwerezabwereza pamalo amodzimodzi, miyezi inayo imakoka Io n'kupotoza njira yake, moti nthawi zina amayandikira Jupiter, nthawi zina amatalikira. Akayandikira, mphamvu yokoka ya Jupiter imamufinya, akatalikira, imamumasula. Nthaka ya Io imakwera ndi kutsika mpaka mamita 100 pa ulendo uliwonse. Mwana aliyense amene anapangapo galimoto yamawaya amadziwa kuti ukamapinda waya uku ndi uku kuti uduke, pamalo opindikapo pamatentha mpaka kuwotcha chala. Io wakhala akupindidwa chomwecho kwa zaka zosawerengeka, ndipo miyala ya m'kati mwake yasungunuka.

Apa ndi pamene panagona phunziro lalikulu la ulendo wonse. Kutentha sikuchokera ku dzuwa kokha. Mwezi wokhala kutali m'chisanu ungathe kufunda m'kati chifukwa cha pulaneti imene ukuizungulira.

Nyanja pansi pa madzi oundana

Voyager 2 itadutsa Jupiter pa 9 Julaye 1979 inaona Europa bwino kuposa mnzake uja. Nkhope yake inali yosalala, ya madzi oundana, yokhala ndi ming'alu yaitali yofiirira yopingasana paliponse, koma maenje ochepa kwambiri. Europa nayenso amafinyidwa ndi Jupiter, ngakhale mocheperako poyerekeza ndi Io. Asayansi anayamba kufunsa ngati kutentha kumeneko sikungasungunule madzi a pansi.

Voyager sikanatha kuyankha funsoli chifukwa inangodutsa. Yankho linabwera ndi chombo cha Galileo, chimene chinazungulira Jupiter kuyambira 1995 mpaka 2003. Chipangizo chake choyezera maginito chinapeza kuti Europa amasokoneza maginito a Jupiter mwa njira imene imafuna kuti pansi pa chikhungwa chake pakhale chinthu chodutsa magetsi, ndipo chinthu chomveka kwambiri ndi madzi amchere. Asayansi amayerekeza kuti nyanja ya Europa ili ndi madzi ochuluka kawiri kuposa nyanja zonse za dziko lapansi pamodzi. Ntchito ya Galileo itatha, anaigwetsera dala mu Jupiter kuopa kuti tsiku lina ingadzagwere pa Europa n'kusiyapo tizilombo tochokera kuno.

Chisankho cha pa Titan

Ku Saturn, kumene Voyager 1 inafika pa 12 Novembala 1980, mphete zimene pa telesikopu zimaoneka ngati malamba ochepa zinapezeka kuti ndi timizere masauzande ambiri ta zidutswa za madzi oundana. Panapezekanso timiyezi tiwiri, Prometheus ndi Pandora, toyenda mbali ziwiri za kamphete kamodzi kopyapyala.

Koma maso a asayansi anali pa Titan, mwezi waukulu wa Saturn, umene ankadziwa kale kuti uli ndi mpweya. Kuti Voyager 1 iyandikire Titan, inayenera kutenga njira imene ikanaiponya m'mwamba, kutali ndi njira za mapulaneti ena onse. Anasankha Titan. Chombo chinadutsa pamtunda wa makilomita pafupifupi 6,500, ndipo makamera sanaone china koma chifunga chachikasu chokuta mwezi wonse. Komabe zipangizo zina zinagwira ntchito. Chombo chitalowa kuseri kwa Titan, mafunde a wailesi yake anadutsa mumpweya wa mweziwo asanafike ku dziko lapansi, ndipo mmene anapindikira munaonetsa kuchuluka ndi kuzizira kwa mpweyawo. Unapezeka kuti wambiri ndi nayitirojeni, monga wa kuno, ndipo pansi umapanikiza kuposa wa kuno ndi theka. Kuzizira kwake ndi madigiri pafupifupi 180 pansi pa ziro, pamene mpweya wa methane ungathe kusanduka madzi.

Panapita zaka 24 kuti anthu aone pansi pa chifungacho. Pa 14 Januwale 2005, kachombo ka Huygens ka bungwe la European Space Agency kanatera pa Titan ndi parachuti, n'kujambula makwawa ndi miyala yobulungira ngati ya mumtsinje. Chombo cha Cassini chimene chinakanyamula chinapeza nyanja za methane ndi ethane cha kumpoto kwa mweziwo.

Cassini inamalizanso nkhani ina imene Voyager 2 inayamba podutsa Saturn mu Ogasiti 1981. Enceladus ndi kamwezi kakang'ono ka Saturn, makilomita 500 okha m'mimba mwake, koma Voyager 2 inaona kuti madera ena a pankhope pake ndi osalala ngati apangidwa chaposachedwa. Mu 2005 Cassini inapeza kuti kum'mwera kwa kamweziko kuli ming'alu imene ikufwamphula nthunzi ndi timadzi toundana. Chombocho chinadutsa m'kati mwa nthunziyo kangapo n'kupezamo mchere, haidrojeni, ndi zinthu zokhala ndi kaboni zofanana ndi zimene zamoyo zimapangidwira. Umenewu si umboni woti kuli moyo, koma ndi umboni woti pansi pa madzi oundanawo pali nyanja yokhudzana ndi miyala yofunda.

Kumene kunafika chombo chimodzi chokha

Voyager 2 inapitiriza ulendo ili ndi zilema. Wailesi yake yaikulu yolandirira malamulo inafa mu 1978, ndipo yapadera imene inatsala inali ndi vuto lake. Itangodutsa Saturn, chotembenuzira makamera chinakakamira kwa kanthawi. Kutsogolo kunali mdima: ku Neptune kuwala kwa dzuwa n'kochepa ka 900 poyerekeza ndi kuno, choncho kamera inkafunika kutsegula diso nthawi yaitali pamene chombo chikuthamanga, zimene zikanachititsa zithunzi kukhala zosaoneka. Mainjiniya analemba malamulo atsopano n'kuwatumiza pa wailesi. Anaphunzitsa chombo kutembenuka pang'onopang'ono potsata chimene chikujambula, komanso kupanikiza zithunzi kuti zitumizidwe ndi mphamvu yochepa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anthu amenewa anadekha zaka zinayi ndi theka pakati pa Saturn ndi Uranus.

Pa 24 Januwale 1986 chombocho chinadutsa Uranus, pulaneti yoyenda chogona cham'mbali. Chinapeza miyezi khumi yatsopano, ndiponso kuti maginito a pulanetiyo anapendekera madigiri pafupifupi 59 kuchoka pa mzere umene imatembenukira, chinthu chimene palibe ankachiyembekezera. Kamwezi ka Miranda kanaoneka ngati kophatikiza zidutswa zosiyanasiyana, kali ndi maphompho akuya makilomita angapo.

Neptune inafikiridwa pa 25 Ogasiti 1989, pamtunda wa makilomita 4.5 biliyoni kuchokera ku dzuwa. Uthenga unkatenga maola anayi kuti ufike kuno, ndipo unali wofooka moti mbale 27 za Very Large Array ku New Mexico ndi ya ku Parkes ku Australia zinathandizira kuumvetsera. Kumalo ozizira chotero, kunapezeka mphepo yothamanga makilomita pafupifupi 2,000 pa ola, yaliwiro kuposa ya pa pulaneti ina iliyonse yozungulira dzuwa. Panali chibanga chachikulu chakuda cha mphepo yamkuntho, koma telesikopu ya Hubble itachifunafuna mu 1994 inapeza chitazimirira.

Malo otsiriza amene Voyager 2 inajambula pafupi anali Triton, mwezi waukulu wa Neptune. Triton amazungulira chobwerera, mosemphana ndi mmene pulaneti yake imatembenukira, ndipo asayansi amakhulupirira kuti anachokera kwina n'kugwidwa ndi Neptune. Kuzizira kwake ndi madigiri 235 pansi pa ziro. Ngakhale kumeneko, zithunzi zinaonetsa mizati ya nayitirojeni ndi fumbi lakuda ikukwera makilomita 8 m'mwamba, kenako n'kutengedwa ndi kamphepo. Ulendo umene unayamba ndi moto wa Io unatha ndi akasupe a pamalo ozizira kwambiri amene chombo chinali chitawafikapo.

Malire a dzuwa

Pa 14 Febuluwale 1990, potsatira pempho la wasayansi Carl Sagan, Voyager 1 inatembenuza kamera n'kujambula mapulaneti kuchokera pamtunda wa makilomita 6 biliyoni. Dziko lapansi linaoneka ngati kadontho kosakwana n'komwe kadontho kamodzi ka chithunzicho. Atatero makamera anazimitsidwa, koma zipangizo zina zinapitiriza.

Dzuwa limauzira mbali zonse mphepo ya tizidutswa tamagetsi, ndipo mphepoyo imapanga chithovu chachikulu chokuta mapulaneti onse. Palibe ankadziwa pamene chithovuchi chimathera. Pa 25 Ogasiti 2012, pamtunda wa makilomita pafupifupi 18 biliyoni, Voyager 1 inaona tizidutswa ta dzuwa tikuchepa mwadzidzidzi pamene tochokera ku mlalang'amba tikuchuluka. Asayansi anatsutsana kwa chaka chathunthu, chifukwa chipangizo chimene chikanathetsa mkanganowo chinali chitafa kale mu 1980. Dzuwa lenilenilo ndi limene linathandiza. Kuphulika kwake kwa mu 2012 kunafika pa chombo mu Epulo 2013 n'kugwedeza mpweya wozungulira, ndipo gulu la Don Gurnett wa ku University of Iowa linayeza kugwederako n'kupeza kuti mpweyawo ndi wothithikana ka 40 kuposa wa m'kati mwa chithovu. Chombo chinali chitatuluka. Voyager 2 inadutsa malire omwewo pa 5 Novembala 2018.

Chombo chilichonse chanyamula chimbale chokutidwa ndi golide chokhala ndi zithunzi, nyimbo, maphokoso a padziko, ndi malonje m'zinenero 55. Chimodzi mwa zinenerozo ndi Chinyanja, ndipo wolankhulayo akufunsa anthu a kumwamba kuti ali bwanji. Voyager 1 ikuthamanga makilomita 17 pa sekondi, komabe padzapita zaka pafupifupi 40,000 isanadutse chapafupi ndi nyenyezi ina.

Ntchito imene yatsala

Mu Novembala 2023 Voyager 1 inayamba kutumiza uthenga wopanda tanthauzo. Mainjiniya, ena a iwo obadwa chombocho chitanyamuka kale, anafufuza m'mapepala akale mpaka anapeza kuti kachidutswa kamodzi kosungira malamulo m'kompyuta kafa. Anagawa malamulowo m'zigawo n'kuwasamutsira m'malo ena otsala. Lamulo lililonse linkatenga maola 22 ndi theka kupita, yankho maola enanso 22 ndi theka kubwera. Mu Epulo 2024 chombocho chinayambanso kulankhula zomveka. Ed Stone, amene anatsogolera asayansi a Voyager kwa zaka 50 kuyambira 1972, anamwalira miyezi iwiri pambuyo pake. Magetsi akupitirira kuchepa, ndipo zipangizo zikuzimitsidwa chimodzichimodzi kuti zotsalazo zikhalitse.

Voyager isananyamuke, wofunafuna moyo kunja kwa dziko lapansi ankayang'ana ku Mars basi, chifukwa ankaganiza kuti madzi amangopezeka pamene dzuwa likufunditsa. Lero mndandanda uli ndi Europa, Enceladus, Titan ndi Ganymede. N'chifukwa chake chombo cha JUICE cha ku Ulaya chinanyamuka mu Epulo 2023 kupita ku miyezi ya Jupiter, kumene chikuyembekezeka kufika mu 2031, ndipo Europa Clipper ya NASA inanyamuka pa 14 Okutobala 2024 kuti ikafike mu 2030 ndi zipangizo zoyezera kuchindikala kwa madzi oundana a Europa ndi zimene zili pansi pake.

Uranus ndi Neptune zokha sizinalandirenso mlendo. Pafupifupi zonse zimene tikudziwa za nkhope ya Miranda ndi Triton zinachokera ku maola ochepa a mu 1986 ndi 1989, ndipo mbali imodzi ya miyeziyi inali mumdima pamene chombo chinkadutsa. Mu 2022 gulu la asayansi a mapulaneti ku America linaika ulendo wa ku Uranus patsogolo pa maulendo akuluakulu atsopano amene likufuna. Ulendo wotero umatenga zaka zoposa khumi m'njira mokha, choncho amene adzawerenge zithunzi zake ndi ana amene lero ali kusukulu.